Python: mjigo wa m'kompyuta umene ukufuna amisiri apafupi

Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya mjigo amadziwa kuti tsiku lotsegulira mjigo si limene limasonyeza ngati mudzi wapezadi madzi. Tsiku limenelo kumakhala nthungululu, magule ndi zolankhula za akuluakulu. Zoona zake zimadzaoneka patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene labala ya pansi yatha, chogwirira chayamba kugwedera, ndipo galimoto ya bungwe limene linakumba mjigowo inaleka kalekale kufika m'mudzimo. Ngati m'deramo muli mmisiri wodziwa kutulutsa ndodo zachitsulo ndi kusintha labala, ndipo zipangizo zake zikupezeka m'sitolo ya pa boma, madzi amayambanso kutuluka tsiku lomwelo. Apo ayi, amayi amabwerera kudambo.

Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri ku Malawi ndi m'madera ena a Zambia ndi Mozambique, inakonzedwa poganizira vuto lomweli. Chiyambi chake ndi pampu yotchedwa Maldev imene inayesedwa ku Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kenaka inakonzedwanso ku Kenya. Chachikulu pa pampuyi n'chakuti kapangidwe kake si chinsinsi cha kampani imodzi. Zojambula zake ndi miyezo ya chitsulo chilichonse n'zololedwa kwa aliyense, kotero kuti fakitale iliyonse yotsatira miyezoyo ikhoza kupanga pampuyo, ndipo mmisiri wophunzira ku Ntcheu akhoza kukonza mjigo wa ku Chipata popanda kupempha chilolezo kwa munthu.

Pali chida china chimene chinamangidwa pa nzeru yomweyi, ngakhale kuti sichioneka ndi maso. Alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi ndi anthu ongodzipereka amene amalemba kaundula wa m'midzi pa lamya za m'manja akhala akuchigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa khumi, ambiri osadziwa ndi dzina lake lomwe. Dzinalo ndi Python.

Chinenero cholamulira makina

Kompyuta, kaya ndi ya pa tebulo kaya ndi ija ili m'kati mwa lamya yanu, siidziwa kanthu payokha. Imatsatira malangizo amene munthu anailembera, mzere ndi mzere, ndipo malangizo amenewo ndi amene timawatcha pulogalamu. Amalembedwa m'zinenero zapadera, ndipo Python ndi chimodzi mwa zinenerozo. Anachiyambitsa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, amene anachitulutsa koyamba m'chaka cha 1991. Ngakhale kuti dzinali m'Chingerezi limatanthauza nsato, ndipo chizindikiro chake ndi njoka ziwiri, mwini wakeyo analitenga ku gulu la anthabwala a pa kanema la ku Britain lotchedwa Monty Python.

Chimene chinakopa anthu n'chakuti malangizo a Python amawerengeka pafupifupi ngati chiganizo wamba. Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaumoyo wayeza mkono wa mwana wa chaka chimodzi ndi kalamba kaja ka mitundu itatu. Pulogalamu ikhoza kulembedwa motere m'mizere yochepa: ngati muyezo uli pansi pa masentimita 11.5, uza mlangizi kuti mwanayo ndi wonyentchera kwambiri ndipo apite kuchipatala. Ngati uli pakati pa 11.5 ndi 12.5, muuze kuti mwanayo afunika chakudya choonjezera; apo ayi, muuze kuti mwana ali bwino. Mu Python mawu akuti "ngati" amalembedwa if, ndipo "apo ayi" amalembedwa else. Mawu otere, amene chinenerochi chinawasunga kukhala ake, ndi 35 okha. N'zoona kuti onse ndi Achingerezi, ndipo mabuku ambiri ophunzitsira alinso m'Chingerezi, zimene zimatsekereza achinyamata ambiri a kumudzi. Komabe wophunzira amene anafika Fomu 2 sangalephere kuloweza mawu 35.

Python ndi yaulere, koma kusalipira si nkhani yaikulu. Nkhani yaikulu ndi yakuti malemba onse amene amapanga chinenerochi ali poyera. Aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kugawira anzake zimene wasinthazo. Alimi amamvetsa bwino kusiyana kumeneku. Chimanga cha makolo umasunga mbewu yake n'kudzabzalanso, ukhozanso kupatsako mnzako. Chimanga cha haibulidi chimabereka bwino, koma chaka ndi chaka umabwerera kwa wogulitsa. Kuyambira mu 2001, umwini wa chinenerochi uli m'manja mwa bungwe losachita malonda la Python Software Foundation, ndipo ntchito yambiri yochikonza imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana.

Pamwamba pa chinenerochi anthu anamangapo zida zina zofulumizitsa ntchito. Chotchuka kwambiri pa ntchito zachitukuko ndi Django, imene inabadwira m'nyumba yosindikiza nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, m'dziko la America, ndipo inaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Django ili ngati chikombole cha njerwa. Woumba sayeza njerwa iliyonse ndi manja. Amangothira dothi lake m'chikombole. Momwemonso wolemba pulogalamu amapeza kuti zinthu zimene zimafunika nthawi zonse, monga malo osungira maina, khomo lolowera ndi mawu achinsinsi, ndi tsamba la woyang'anira, zinakonzedwa kale. Iye amangoikamo za ntchito yake.

Kuchoka pa pepala kupita pa lamya

Kuno kwathu zipatso za zida zimenezi zinaonekera koyamba pa umoyo wa ana. Mu 2008 bungwe la UNICEF linayamba kuyesa njira yotchedwa RapidSMS ku Ethiopia, pofuna kudziwa msanga zipatala zimene chiponde cha ana onyentchera chatha. Kuchiyambi kwa 2009 njirayi inayesedwa ku Malawi mogwirizana ndi boma ndi ophunzira a pa yunivesite ya Columbia ya ku America. Kale mafomu a kusikelo ya ana ankatenga miyezi kuti afike kulikulu, ndipo pofika kumeneko mwana amene analembedwa pa fomuyo anali atachira kapena atamwalira. Mwa njira yatsopanoyi mlangizi ankalemba nambala ya mwana, msinkhu, kulemera ndi muyezo wa mkono mu uthenga umodzi wa pa lamya wamba, yopanda intaneti. Makina ankawerengera n'kuyankha nthawi yomweyo za mmene mwanayo alili, ndipo ngati nambala ina inali yosatheka, ankapempha mlangizi kuti ayang'anenso. RapidSMS imene inadzakhazikika ndi kufalikira m'maiko ambiri inalembedwa ndi Python ndi Django.

Ntchito imene inasonyeza bwino koposa phindu la njirayi ndi Project Mwana, imene inayamba ku Zambia mu 2010 ndipo inafikanso ku Malawi. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV silingayezedwe ndi kachipangizo kofulumira kamene amayezera akuluakulu, chifukwa m'magazi ake mumakhalabe chitetezo chochokera kwa mayi. Madontho a magazi a ku chidendene amaumitsidwa pa kapepala n'kutumizidwa ku labotale yaikulu, imene nthawi zambiri ili kutali kwambiri. Ulendo wopita unali wovuta, koma wobwerera ndi umene unkapha: zotsatira zinkadikira galimoto, zinkagona m'maofesi, zina zinkasochera. Khanda limene lili ndi kachilomboka likachedwa kuyamba mankhwala, moyo wake umakhala pangozi yaikulu m'miyezi yoyambirira yomweyo.

Project Mwana inangosintha ulendo wobwererawo. Zotsatira zikatuluka ku labotale, uthenga unkapita pa lamya ya namwino, iye n'kulemba nambala yake yachinsinsi kuti awerenge. Kafukufuku amene anachitika m'zipatala 10 za m'chigawo cha kummwera kwa Zambia, n'kusindikizidwa mu 2012 m'magazini ya bungwe la World Health Organization, anapeza kuti masiku odikira kuti zotsatira zifike pa chipatala anatsika kuchoka pa 44 kufika pa 27, ndipo masiku oti zifike kwa wolera mwana anatsika kuchoka pa 67 kufika pa 35. Mwezi wathunthu pa moyo wa khanda si chinthu chochepa. Tionenso kuti masiku 35 otsalawo sanali vuto la kompyuta ayi. Anali a misewu, mafuta a galimoto ndi mtunda umene mayi amayenda kuchokera kumudzi.

Kuchokera pa RapidSMS panabadwa U-Report, imene inayamba ku Uganda mu 2011 ndi ku Zambia mu 2012 pofuna kumva maganizo a achinyamata, ndiponso RapidPro, imene UNICEF inakhazikitsa mu 2014 mogwirizana ndi kampani ya Nyaruka ya ku Kigali. Amene amalemba kaundula wa mabanja pa KoboToolbox adziwenso kuti, ngakhale kapulogalamu ka pa lamya yawo kanalembedwa m'chinenero china, makina amene amalandira ndi kusunga mafomu awo amayendera Python ndi Django. Chimodzimodzinso CommCare, imene ogwira ntchito zaumoyo m'midzi amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri.

Labala ikatha

Pulogalamu siichita dzimbiri, koma imakalamba. Mu Disembala 2008 kunatuluka Python 3, imene inasintha malamulo ena a chinenerochi moti mapulogalamu olembedwa mu Python 2 sakanayenda osakonzedwa. Anthu anapatsidwa zaka zoposa khumi zosamukira, ndipo pa 1 Januwale 2020 chisamaliro cha Python 2 chinatha. Kuyambira tsiku limenelo, mpata uliwonse umene akuba a pa intaneti angaupeze m'chinenero chakalecho sutsekedwanso ndi eni ake.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi pa pulogalamu imene inalembedwa cha m'ma 2011 ndi katswiri wobwera pa ndege, pa ntchito ya zaka zitatu. Ntchito inatha, katswiri anabwerera kwawo, ndalama zosamalira sizinaikidwe m'bajeti ya boma kapena ya bungwe. Pulogalamuyo imapitiriza kuyenda mpaka tsiku limene kompyuta yake yafa, kapena kampani ya lamya yasintha njira yolandirira mauthenga. Malemba ake alipo, ndi aulere, aliyense ali ndi ufulu wowakonza. Koma ufulu wokonza mjigo ulibe ntchito m'mudzi mopanda mmisiri. Chaka cha 2025 chinaonetsa poyera kuopsa kodalira mmisiri wakutali, pamene boma la America linaimitsa thandizo lambiri lakunja n'kutseka bungwe la USAID, ndipo ntchito zochuluka za umoyo ndi ulimi m'chigawo chino zinaima mwadzidzidzi.

Masiku ano Python yatsopano imatuluka mwezi wa Okutobala chaka chilichonse, ndipo iliyonse imasamalidwa zaka zisanu. Kusamuka kochokera pa ina kupita pa inzake sikovuta ngati kuja kwa 2008, komabe kumafuna munthu woti akhale pansi, ayese, akonze. N'chifukwa chake kwa ife nkhani ya misonkhano ya olemba mapulogalamu, imene poyamba imaoneka ngati ya anyamata a m'tauni okha, ili yofunika kuposa nkhani ya zida zatsopano.

Amisiri ayamba kudziwana

Misonkhano ya ogwiritsa ntchito Python imatchedwa PyCon. M'chigawo chino woyamba unachitika ku Cape Town mu 2012. Mu 2015 unachitika wa ku Windhoek, pa yunivesite ya Namibia, ndipo misonkhano ya kumeneko inadzadziwika chifukwa chokokera ana a sukulu za sekondale m'chipinda chimodzi ndi akatswiri. Mu 2016 a ku Zimbabwe anachititsa wawo ku Harare. Mmodzi mwa amene anatulukira m'gulu la ku Zimbabwe ndi Marlene Mhangami, amene mu 2017 anasankhidwa kukhala m'bodi ya Python Software Foundation, munthu woyamba wa mu Africa kukhala pa mpando umenewo. Iye ndi amene anatsogolera msonkhano woyamba wa Africa yonse, PyCon Africa, umene unachitikira ku Accra m'dziko la Ghana mu Ogasiti 2019. Wotsatira wake mu 2020 unachitika pa intaneti chifukwa cha mliri wa Covid-19. Anthu anadzakumananso maso ndi maso ku Accra mu 2024, ndipo mu Okutobala 2025 msonkhanowu unafika kummwera kuno, ku Johannesburg. Ogwiritsa ntchito Django nawo anachita msonkhano wawo woyamba wa mu Africa ku Zanzibar mu Novembala 2023, wachiwiri ku Arusha mu Ogasiti 2025.

Kodi chimachitika n'chiyani kumeneko? Pali zokamba za akatswiri monga pa msonkhano uliwonse, koma chigawo chopindulitsa kwambiri ndi masiku amene anthu amakhala m'timagulu n'kumakonza limodzi zolakwika za m'mapulogalamu enieni. Wachinyamata amene sanakonzepo kanthu amakhala pafupi ndi munthu amene wakhala pa ntchitoyo zaka makumi awiri, ndipo zimene wakonza zikalandiridwa, zimalowa m'chida chimene dziko lonse likugwiritsa ntchito. Ndi mmene mwana wa mmisiri wa matabwa amaphunzirira, pogwira sowo, osati pomvera chabe.

Amayi ndi atsikana ndi ochepa pa ntchitoyi paliponse. Mu 2014, mumzinda wa Berlin, amayi awiri a ku Poland, Ola Sitarska ndi Ola Sendecka, anayambitsa Django Girls, maphunziro aulere a tsiku limodzi amene mayi amene sanalembepo pulogalamu amatulukamo atamanga tsamba lake la pa intaneti. Buku lawo lophunzitsira ndi laulere, ndipo maphunzirowa achitikapo m'mizinda yambiri ya mu Africa, kuphatikizapo Harare ndi Windhoek. Tsiku limodzi silipanga mmisiri, ndipo ambiri amabwerera kunyumba kopanda kompyuta kapena magetsi. Apa ndi pamene malo ngati BongoHive ya ku Lusaka, imene inayamba mu 2011, ndi mHub ya ku Lilongwe, imene anayambitsa Rachel Sibande, amathandiza, chifukwa wophunzira amapezako makina, intaneti ndi anzake ofunsana nawo.

Komabe magulu amenewa nawonso ali ndi chingwe chawo chopita kunja. Misonkhano yambiri ya mu Africa yakhala ikudalira thandizo la ndalama lochokera ku Python Software Foundation, makamaka lolipirira ulendo wa ophunzira. Mu Ogasiti 2025 bungweli linalengeza kuti layamba laimitsa thandizolo chifukwa ndalama za chaka chimenecho zinali zitatha. Mu Okutobala chaka chomwecho linabweza pempho lake la madola 1.5 miliyoni ku bungwe la boma la America la National Science Foundation, pempho limene linali pafupi kuvomerezedwa, chifukwa panali lamulo lakuti lisiye ntchito zonse zolimbikitsa kuti magulu osalidwa ndi otsalira apatsidwe mwayi wofanana. Anakana ndalama kuti asunge mfundo, ndipo ambiri anawayamikira. Koma phunziro kwa makampani a lamya, mabanki ndi mayunivesite a kuno ndi lakuti msonkhano wophunzitsa amisiri athu sungamadikire chikwama cha ku America mpaka kalekale.

Zida zatsopano, ndi zimene zili ndi ntchito kumunda

Nkhokwe yaikulu ya zida za Python, yotchedwa PyPI, ili ndi zida zoposa 500,000, ndipo zambiri mwa izo sizikhudza mlimi. Chida chimene chatchuka kwambiri pakati pa olemba mapulogalamu m'zaka zaposachedwapa ndi uv, chimene kampani ya Astral inatulutsa mu Febuluwale 2024. Chimafulumizitsa ntchito yotenga ndi kuika zida zimene pulogalamu ikufuna. Python 3.13 ya mu 2024 ndi 3.14 ya mu 2025 zinatsegula njira yoti pulogalamu imodzi igwiritse ntchito mphamvu zonse za kompyuta nthawi imodzi. Zimenezi ndi nkhani za amisiri okhaokha.

Za kumunda ndi ziwiri. Choyamba ndi kuwerengera mvula. Chilala cha nyengo ya 2023/24 chinachititsa Zambia kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi mu Febuluwale 2024, Malawi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi, ndi Zimbabwe mu Epulo. Malo oyezera mvula m'maiko athu ndi otalikirana, koma yunivesite ya California ku Santa Barbara imapereka kwaulere kaundula wotchedwa CHIRPS, amene amaphatikiza zithunzi za makina a m'mlengalenga ndi miyezo ya pansi, kuyambira mu 1981, pa dera lililonse la makilomita pafupifupi asanu m'litali ndi m'lifupi. Ndi chida cha Python chotchedwa pandas, chimene chimasanja manambala ochuluka, wophunzira wa ku koleji ya zaulimi akhoza kutulutsa mbiri ya zaka makumi anayi ya dera limodzi: mvula yobzalira inayamba liti chaka chilichonse, ndipo ng'amba ya pakati pa dzinja inatenga masiku angati. Zimenezi si ulosi, ndipo manambala a m'mlengalenga amaphonya, makamaka m'madera a mapiri. Koma mlangizi amene ali ndi mbiri yotere m'manja amakambirana bwino ndi alimi za mbewu yocha msanga kuposa amene akungodalira chikumbumtima. Kabuku ka mlimi amene amalemba mvula ya tsiku ndi tsiku pa munda wake kamakhala kofunika kwambiri pamenepa, chifukwa ndi kamene kamasonyeza pamene makina aphonya.

Chachiwiri ndi MicroPython, mtundu waung'ono wa chinenerochi umene Damien George anayambitsa mu 2013 kuti uziyenda pa tizipangizo tamagetsi tating'onoting'ono. Kamodzi mwa ito, Raspberry Pi Pico, kanatuluka mu Januwale 2021 pa mtengo wa madola 4, ndipo kukula kwake n'kosaposa chala chachikulu cha munthu wamkulu. Kakalumikizidwa ku choyezera chinyontho kapena kutentha, kakhoza kuzimitsa pampu ya dzuwa thanki ikadzaza, kapena kuliza belu kutentha kwa mokonzera anapiye kukapitirira muyezo. Pa dimba la munthu mmodzi, kunena zoona, chala cha mlimi chimayeza chinyontho bwino lomwe ndipo sichifuna batire. Phindu limaoneka pa sikimu ya mthirira ya anthu ambiri, pamene mikangano ya madzi imafuna umboni wolembedwa, ndiponso m'sukulu, pamene mwana amaona babu likuyaka chifukwa cha mzere umene walemba yekha.

Pamene bungwe lafika ndi matabuleti

Alangizi ndi makomiti a chitukuko sasowa kuphunzira Python kuti akhale ndi mawu pa nkhaniyi. Bungwe likabwera ndi njira yatsopano yolembera anthu pa lamya, ndi bwino kulifunsa zimene mukadafunsa wokumba mjigo. Kodi malemba a pulogalamuyi ndi otseguka, kapena ndi chinsinsi cha kampani imene idzafune malipiro ntchito ikatha? Ikaonongeka, wokonza wake ali m'dziko muno kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo adzamulipira ndani? Funso lolemera kuposa onse ndi la maina a anthu. Kutseguka kwa pulogalamu sikutanthauza kuti zimene zalembedwamo zikhale poyera. Zotsatira za magazi a khanda kapena mndandanda wa mabanja olandira thandizo ndi chinsinsi cha eni ake. Zambia ndi Zimbabwe zinakhazikitsa malamulo oteteza mbiri ya munthu mu 2021, Malawi mu 2024, ndipo anthu a m'mudzi ali ndi ufulu wouzidwa kumene maina awo akusungidwa ndi amene angawaone.

Mukhozanso kufunsa msinkhu wa chidacho, ndipo yankho lake ndi nambala imene aliyense angaisunge m'kope. Chisamaliro cha Python 3.9 chinatha mu Okutobala 2025. Cha Django 4.2 chinaikidwa kuti chithe mu Epulo 2026, pamene Django 5.2, imene inatuluka mu Epulo 2025, idzasamalidwa mpaka mu Epulo 2028. Ngati ntchito ya bungwelo ikutha chaka chimenechi chisanafike, komiti ilembe m'mgwirizano dzina la ofesi imene idzasamutse pulogalamuyo, ndi thumba limene ndalama zake zidzachokere.